Dothi Lodzaza Dzanja

Amuna anga, a Eustace Sakala, anagwira ntchito pansi pa nthaka ku Migodi kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera. Ankalowa m'dzenje kusanache n'kutuluka dzuwa litapendeka, moti m'mawa ankangoumva kwa anthu ena. Ndiye musadabwe ndikakuuzani kuti munthu wamkulu ngati iwo ankatha kuima pakati pa njira, kukamwa kuli yasa, kuyang'ana njiwa. Ineyo Keziah, mkazi wawo, ndinkawaseka poyamba, kenako ndinazolowera.

Anawapumitsa ntchito chifukwa cha chifuwa. Fumbi la miyala linali litawadzaza m'mapapo, ndipo akamapuma pankamveka kaphokoso ngati munthu akupeta mapira. Dokotala sanawabisire. Anati mankhwala palibe, apite kumene kuli mpweya wabwino, ndipo aziyenda m'mawa uliwonse, chifukwa akadzangosiya kuyenda chifuwacho chidzatseka. Masiku amenewo mkuwa unali utagwa mtengo, ndipo pa wailesi ankangoti bwererani kuminda, bwererani kuminda, ngati kuti mindayo inkatidikira ndi manja awiri. Kwawo ku Chadiza kunalibenso wowadziwa, amayi awo ndi amalume awo onse anali atagona kalekale. Choncho tinabwera kwathu ku Ndake, kuno ku Nyimba. Alongo anga a Cosmas Daka, amene analinso tcheyamani wa chipani m'mudzi mwathu, anatipatsa malo kumapeto kwa mudzi, mphepete mwa dambo. A Sakala anakhala mkamwini atakalamba kale.

Tinamanga kanyumba ka njerwa n'kufolera ndi malata amene tinabwera nawo pa lole. Tsiku loyamba kugonamo, ndinadzidzimuka tambala atangolira, n'kupeza pamene ankagona palibe munthu. Anabwera dzuwa litakwera, buluku litanyowa ndi mame mpaka m'mawondo, zisoso zitakakamira paliponse, iwo akumwetulira ngati mwana amene wapatsidwa nzimbe.

“Amake Rhoda,” anatero, kunditchula ndi dzina la mwana wathu wa ku Lusaka, “mudziwa kuti nkhwali ziyamba kulila dzuwa lisanatuluke? Zayamba kutsidya kwa dambo, zina zayankha kuphili. Ine ninaima cabe.”

“Nkhwali zinayamba kulila imwe musanabadwe, awisi Rhoda,” ndinawayankha. “Vulani buluku iyo nichape.”

Kuyambira pamenepo sankajomba. Njira yawo inali imodzimodzi. Ankatsika ndi dambo, kudutsa pa nthochi za kudimba, kukwera m'malire mwa minda ya anthu ya chimanga ndi thonje, kukafika pa mlambe waukulu umene uli patsinde pa phiri, n'kubwerera. Akafika pakhomo ndinkamva zonse, kaya ndafunsa kaya sindinafunse. Ankandiuza za nkhanga zimene zawoloka njira ndi ana awo, za kangaude amene waluka ukonde pakati pa mapesi, za msekese umene wayamba kugwetsa nyemba zake. Mitengo ya miombo itaphuka masamba ofiira nyengo yotentha, anandikoka dzanja kuti ndikaone. Ine ndinabadwira pomwepa ndipo masamba amenewo ndinawaona kuyambira ndili kumsana, koma ndinapita, ndipo ndinaima nawo. Chifuwa chinayamba kuwaleza. Usiku ankagona osadzuka kukhosomola, ndipo ine mumtima ndinati Mulungu watikumbukira.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mvula yoyamba itagwa, a Sakala anatulukira chinthu china chowasangalatsa, fungo la dothi lonyowa. Ankati pansi pa mgodi miyala ikanyowa imanunkha chitsulo ndi utsi, koma dothi la kuno limanunkhira ngati chinthu chamoyo. Ndiye ankati akafika pamunda wa munthu, ankawerama, kutapa dothi lodzaza dzanja, kulinunkhiza, n'kumayenda nalo akulifikisa ndi zala. Ankati la kudambo fungo lake ndi lina, la kuphiri ndi linanso. Nthawi zina ankaiwala n'kuliika m'thumba la jekete, ine n'kumalipeza pochapa.

Ndinachita mantha tsiku limene ndinazindikira zimenezi. Aliyense wakulira kumudzi amadziwa za mfumba, mankhwala amene amati munthu amakokera nawo mbewu za anzake kuti zikachuluke m'nkhokwe mwake. Amati wamfumba amazungulira minda mbandakucha, eni ake asanafike, ndipo amatapa kadothi m'munda uliwonse n'kupita nako kwawo. A Sakala anachoka kumudzi ali mwana, zonsezi zinawatuluka m'mutu. Ankachita ndendende zimene wamfumba amachita, komanso poyera, uku akupereka moni kwa aliyense.

“Awisi Rhoda, lekani kutapa dothi m'minda ya anthu,” ndinawauza. “Kuno munthu sayenda-yenda m'mawa alibe cocita. Azakunenani.”

“Awe, azaninena cani? Dothi nayo ni cinthu cakuba? Dziko yonse iyi ni dothi.”

“Ngati mufuna kuyenda, nyamulani kambwili pa phewa, muoneke monga munthu.”

Anandimvera, anayamba kunyamula khasu. Koma khasu la munthu wodwala chifuwa silikumba, ndipo linkabwerera loyera ngati mmene lachokera. Anthu akumudzi maso awo amaona zimenezo. Amayi akutunga madzi anayamba kunena kuti a Sakala amanyamula khasu lophimbira anthu m'maso. Dothi analonjeza kuti asiya, koma dzanja linali litazolowera, linkawerama lokha.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chikumasula ngayaye. Dzuwa linaswa mtengo mwezi wathunthu. Minda ya kumtunda inapsa yonse, masamba anapindika n'kuuma chiimire, thonje linayoyola maluwa. Munda wathu unali mphepete mwa dambo pamene chinyezi sichitha msanga, ndipo tinali titathiramo feteleza amene tinagula pochoka ku Migodi. Chimanga chathu chinabereka. Sichinali chambiri, koma pakati pa minda yakupsa chinkaoneka ngati chikunyoza anthu. Ndinkachita mantha kuchiyang'ana, ndipo pokolola ndinkatuta m'madengu ovundikira.

Amene anayamba kulankhula mokweza anali alamu anga a Anastazia, akazi a alongo anga a Cosmas. Munda wawo unali panjira ya a Sakala, ndipo sanakololemo ngakhale chodzaza lichero. Ankauza aliyense kuti anawaona ndi maso awo amuna anga atagwada pakona pa munda wawo, akunong'oneza dothi, kenako n'kuliika m'thumba. Sankanama konse, kungoti a Sakala sankalinong'oneza, ankalinunkhiza. Koma kauzeni munthu amene ana ake akugona ndi njala kuti nkhalamba ina imanunkhiza dothi chifukwa chongolikonda, muone ngati akumvereni.

Anthu anasiya kuwayankha moni. Kutchalitchi benchi imene ankakhalapo inkakhala ndi malo mbali zonse ziwiri. Ndinagawa chimanga chathu kwa abale onse mpaka nkhokwe inatsika, ndikuganiza kuti mitima ifewa. Analandira, koma kuseri ankati ndikungobweza zimene amuna anga anaba.

Tsiku lina dzuwa litapendeka a Cosmas anabwera. Anakana mpando, anakhala pa mtondo wogwadika, chipewa chili pabondo. Sanali munthu woipa alongo angawo. Ndiwo ankandibereka kumsana amayi akapita kumunda. Koma tsiku limenelo sankandiyang'ana kumaso.

“Alamu,” anatero kwa a Sakala, “khoswe wankhala pa mkhate. Muli amuna a mlongo wanga, lomba nicite tyani? Anthu akamba maningi. Anyamata a cipani afuna kubwela mawa kuzasasula malata aya, nawaletsa ine. Koma siningawaletse masiku onse.”

“Nalakwa cani, mukwai?” anafunsa a Sakala. “Niyenda cifukwa ca cifuwa. Adokotala ndiye ananiuza.”

“Adokotala anakuuzani kuti muzitenga dothi m'minda ya anthu?”

Ine ndinalowerera, ndipo mawu anga anamveka mpaka kuchitsime. Ndinati mvula yadula kuyambira ku Luembe mpaka ku Petauke, kodi konseko anayendako amuna anga ndi chifuwa chawochi? Ndinati amene ali ndi umboni abwere aunene pamaso panga. A Cosmas anandisiya mpaka nditatopa.

“Keziah, ine sinikamba kuti alamu ali na mfumba. Nikamba zamene zagwilizana anthu. Asiye kuyenda m'minda na m'njila za kuminda, asapitilile lubanza iyi, bwalo ya pa nyumba pano. Ngati sangakwanitse, mubwelele kwamene munacoka. Iwe ndiwe mwana wa pano, palibe angakupitikise. Koma alamu ni alendo.”

Kubwerera kuti? Nyumba ya ku Migodi inali ya kampani, ndipo munali mutalowa kale banja lina. Rhoda ankakhala m'chipinda chimodzi ndi mwamuna wake ndi ana. Zonse zimene tinali nazo zinali njerwa zimenezi ndi malata amenewa. Ndinayang'ana a Sakala ndikuyembekezera kuti akalipa, chifukwa ku Migodi anali munthu wosaopa ngakhale kapitawo. Koma iwo ankayang'ana denga la nyumba.

“Namvela, alamu,” anatero. “Sinizayendanso. Nyumba iyi ni ya mlongo wanu, isagwe cifukwa ca ine.”

M'mawa mwake tambala atalira anadzuka monga mwa masiku onse. Anavala jekete, anamanga nsapato, anatsegula chitseko. Ndinamva mapazi awo akudutsa kuseri kwa zenera, kenako kukhitchini, kenako pakhomo, kenako kuseri kwa zenera kachiwiri. Ankazungulira nyumba. Ndinafunda bulangete kumutu n'kulira, chifukwa zinandikumbutsa mbuzi yomangidwa pa chikhomo.

Anazungulira choncho chilimwe chonse. Mapazi awo anakumba kanjira kuzungulira nyumba, kolowa pansi moti nkhuku zinkasambamo fumbi. Poyamba ankayesa kundisangalatsa. Ankandiuza kuti buluzi wa pakhoma la kumadzulo wataya mchira, kapena kuti anamzeze ayamba kumanga chisa pansi pa malata. Koma nkhani za pabwalo zimatha msanga. Patapita miyezi ankazungulira ali chete, maso ali kuphiri. Nkhwali zikalira kutsidya kwa dambo ankaima, kumvetsera, n'kupitiriza. Fumbi la pabwalo ndi utsi wa kukhitchini zinawabwezera chifuwa, ndipo kuzungulirako kunayamba kuchepa. Miombo itafiira anaiona patali, atagwira mzati wa khonde.

Ndinapita kwa a Cosmas kukawapempha kuti awalole kuyenda ngakhale mumsewu wa ngolo wokha, ine ndili pambali pawo. Anati ndidikire anthu akolole kaye, mitima ikadali yowawa. Ndinawauza kuti chifuwa sichidikira kukolola. Anangopukusa mutu n'kuyamba kusema mpini umene unali m'manja mwawo.

Pamene mvula yoyamba ya chaka chotsatira inkagwa, a Sakala anali atasiya kudzuka. Inagwa madzulo, yamphamvu, ndipo m'mawa dziko lonse linkanunkhira. Ndinawaona akukoka mpweya pazenera, koma mpweyawo sunkafika. Ndinatenga khasu, n'kutsika ndi dambo, kudutsa pa nthochi, kukwera m'malire mwa minda mpaka pa mlambe. Inali nthawi yanga yoyamba kuyenda njira yawo yonse ndekha. Ndinaona inswa zikutuluka pachulu ndi mbalame zikuziwakha m'mwamba, ndinaona nkhanga, ndinaona tinthu tofiira tija timene timatuluka mvula ikagwa tikuyenda pa mchenga. Patsinde pa phiri ndinayang'ana uku ndi uku, ndinawerama, n'kutapa dothi lodzaza dzanja. Ndinalimanga pakona pa chitenje ngati wakuba.

Nditafika ndinakhala pamphasa pambali pawo n'kuwafotokozera zonse, monga mmene iwo ankachitira kwa ine. Ankamvetsera maso ali otseka. Kenako ndinamasula chitenje n'kuwaikira dothilo m'dzanja.

“Nunkhizani, awisi Rhoda. Ni ya kuphili, ija munali kukonda.”

Ndinkaganiza kuti amwetulira. Koma anatsegula maso, n'kuliyang'ana.

“Mwaitenga m'munda mwa ndani?”

“Palibe aniona.”

“Kabwezeni, amake Rhoda. Napapata, kabwezeni manje manje. Ine nipita, koma imwe muzatsala na anthu awa. Akakuonani azakamba kuti nakusiyilani mankhwala. Muzankhala kuti?”

Ndinawauza kuti anunkhize kamodzi kokha, ndikabweza pambuyo pake. Anatembenuzira nkhope kukhoma, dzanja atalitambasulira kutali ndi mphuno yawo, akukhosomola mpaka misozi. Sanakhazikike mpaka nditalitenga, n'kusesa ndi timbulumbulu timene tinagwera pamphasa. Ndinabwerera kuphiri n'kukalitaya pomwe ndinalitapa. Pobwera ndinatukwana mudzi wonse mumtima, nyumba ndi nyumba, kuyambira ya alongo anga. Munthu amene anandiuza kuti dziko lonseli ndi dothi anali atafika pomaopa dothi lodzaza dzanja.

Ndiye ngati kuti Mulungu naye akutiseka, mvula ya chaka chimenecho inagwa bwino kuposa zaka zonse. Chimanga chinada bii m'minda monse, maungu anayanga mpaka m'njira, thonje linafika m'chiuno. Anthu anayambanso kundipatsa moni, ena mpaka kundigwira dzanja. Mondokwa zitayamba kupsa, a Anastazia anabwera ndi dengu la maungu ndi chimanga chachiwisi, analitula pakhonde, n'kukhala pansi mwaulemu wonse.

“Mulamu, tabwela kuonga zikomo,” anatero. “Mwaona mwamene zacitila minda caka cino? Alamu anacita bwino kumvela. Ife tilibe nao cifukwa lomba, zakale zinapita. Muwauze kuti tawakhululukila.”

Anali kunena ndi mtima woyera, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka koposa. Chitseko chinali chotsegula, a Sakala anamva zonse. Ndinafuna kutenga dengulo n'kuliponya pabwalo, koma mawu awo anatuluka m'nyumba, otsika kwambiri.

“Landilani, amake Rhoda. Muwauze zikomo.”

Anamwalira patangopita masiku ochepa, m'mawa, nkhwali zikulira kutsidya kwa dambo. Sindikudziwa ngati anazimva.

Maliro awo anali aakulu, chifukwa kunali chakudya ndipo anthu anali okondwa ndi minda yawo. Anyamata omwe aja ankafuna kusasula malata ndiwo anakumba manda. A Sakala anawanyamula kudutsa m'njira ya kuminda, njira yomwe ija anawaletsa, chifukwa kumanda kwathu kulibe njira ina. Usiku wake kunali kutagwa mvula, ndipo mulu wa dothi pambali pa dzenje unali wonyowa, wofiira, ukununkhira mpaka pamene tinakhala amayi. A Cosmas analankhula m'malo mwa banja ndi chipani. Anati alamu awo anali munthu wofatsa, womvera, wodziwa kukhala ndi anthu.

Bokosi litatsika, mkulu wa mpingo anatapa dothi ndi fosholo n'kuitana abale kuti atsanzike. Anabwera a Cosmas, anatapa lodzaza dzanja, n'kuponya. Anabwera a Anastazia, akulira mokweza, anatapa n'kuponya. Anabwera amayi a kuchitsime, anabwera amuna a pa benchi ya kutchalitchi, mzere wautali, aliyense ndi dothi lake m'manja, ndipo palibe amene anaumira. Ndinkamva likugwa pa bokosi, ndikuwerenga nkhope zawo.

Fosholo itafika kwa ine ndinatapa. Rhoda anandigwira mkono kuti ndiponye, koma ndinalibweretsa kaye kumphuno, pamaso pa mudzi wonse, n'kulinunkhiza nthawi yaitali. Nyimbo ya maliro inazilala. Ndinaona a Anastazia akugwira alongo anga pamkono.

“Mulamu, mucita cani?” anandinong'oneza.

“Niwanunkhizila amuna anga,” ndinatero. “Lelo mwawapatsa dothi yambili, koma mphuno alibe.”

Ndinaliponya, ndipo anyamata anayamba kukwirira.